Tizilombo Tagona

A Zimba anakana mapilitsi awo tsiku limene tinayamba kukumba mtedza. Ndinali nditawaikila kale pa kambale, madzi ali m'kapu, ine ndaima pakhomo khasu lili paphewa.

"Kasungeni amenewo, NyaMoyo," anatelo. "Mwina adzathandiza wina. Ine zanga zatha."

"Zatha bwanji? Miyezi isanu ndi umodzi yakwana liti?"

"Miyezi ndi ya anthu amene tizilombo tawo tikali moyo. Tanga tagona."

Amuna anga, a Amock Zimba, anawapeza ndi TB mvula ili mkati. Anali ataonda mpaka thalauza ankalimanga ndi luzi, chifuwa chikulila ngati chigayo chakale. Kukiliniki kwathu, pa msewu wopita ku boma, a Sisita Irene anatikhazika pansi n'kutiuza kuti matendawa amachila, bola munthu amwe mankhwala m'mawa uliwonse osadumpha, mpaka miyezi ikwane. Anatinso munthu akasiyila panjila, TB ikhoza kubwelanso yosamva mankhwala, ndipo imeneyo ndi yovuta kwambili. Ine anandisankha kuti ndiziwaona akumeza. Ndinawaonadi. Thupi linayamba kubwelela, kutsokomola kunaleka, ndipo anayambanso kundidzudzula kuti ndiwo zachepa mchele.

Dzulo lake, asanakane mapilitsiwo, anali atapita okha pa njinga kukatenga mapilitsi a mwezi wachitatu, ine nditatsala kusoka matumba a mtedza.

Ndinatsitsa khasu. "Tandiuzani bwinobwino. A Sisita anati chiyani?"

"Anati, 'Adada, makhololo anu ayela, sitinaonemo kanthu. Tizilombo totsala tagona.' Ndinawafunsanso kuti tagona? Anati ee, tagona."

"Basi? Sanati musasiye kumwa?"

"Ananena. Amauza aliyense zimenezo, monga mmene kondakitala amanenela kuti basi inyamuka pompano."

"Ndiye mapilitsi a mwezi wathunthu anakupatsilani chiyani?"

"Anali atawatulutsa kale m'kabati."

A Zimba ndi mkulu wa mpingo, ndipo m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi kwa Kapichila, munthu akamwalila iwo ndiwo amaimilila m'tchalitchi kulengeza. Chiyambile sindinawamvepo akunena kuti uje wafa kapena wamwalila. Amati, "Abale, mlongo wathu uje wagona." Aliyense amadziwa kuti akatelo, amuna azikatenga makasu ndi mafosholo.

"Irene si mkulu wa mpingo," ndinatelo. "Ndi nesi."

"Koma ndi mwana woleledwa bwino. Amayi ake ndimawadziwa. Mwana wotelo angatchule imfa pamaso pa munthu wamkulu, wodwalanso? Anasankha mawu aulemu. Ine ndinamumva, ndinamuthokoza, ndinatuluka. Tsopano mukufuna ndizithila mankhwala pa mitembo? Mkodzo wanga wafiila kokwanila ndi mapilitsi amenewa."

Ndinapita kumunda, pakuti mtedza sudikila makani. Koma tsiku lonse ndinkazula ndi mutu wozungulila. Ine sukulu ndinalekela sitandade sikisi, ndipo Chinyanja ndimachimva. Kugona ndi kugona. Koma ndi zoonanso kuti a Sisita Irene ndi munthu waulemu, wogwada popatsa munthu wamkulu kapu ya madzi. Nanga kachilombo kosaoneka ndi maso kangagone bwanji? Kali ndi mphasa? Ngati makhololo ayela, ndiye kuti palibe. Ngati palibe, chagona n'chiyani? Dzuwa litapendeka ndinayamba kuganiza kuti mwina mdalayo akunena zoona, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

Madzulo ake ndinakwela pa chulu cha kuseli kwa khola, pamene foni imagwila, n'kuimbila Belinda. Belinda ndi mdzukulu wathu, mwana wa Linah, mwana wathu wamkazi, ndipo amaphunzila zopima magazi ndi makhololo ku Chipata.

"Monile agogo! Muli uli?"

"Siya zimenezo. Asekulu ako asiya mapilitsi. Akuti tizilombo tagona."

"Asiya? Agogo, iyayi! Auzeni ayambenso mawa. Zimenezi taziphunzila temu yomwe ino. Tizilombo ta TB tili ndi majini..."

"Tili ndi chiyani?"

"Majini, agogo. Kamodzi kokha kali nawo pafupifupi zikwi zinayi."

Ndinakhala pansi pa chulu pomwepo.

"Ndiye mankhwala akafika," Belinda anapitiliza, akuyankhula mothamanga ngati amayi ake, "majini ena amazima, ena amayaka. Amene ayaka aja ndiwo amathandiza kachilombo kubisala. Ndiye mumakaona ngati kalibe moyo, koma m'kati majini aja akugwila ntchito."

"Iwe Belinda. Majini amenewa asekulu ako anawatenga kuti?"

"Aliyense ali nawo, agogo. Inunso muli nawo."

"Ine?"

"Ee, munawatenga kwa amayi anu ndi kwa..."

Foni inazima. Batile linatha.

Majini ine ndimawadziwa. Kuli mayi wina ku boma amene ankagulitsa zitenje pa msika, majini anamugwila, ankayankhula mawu achimuna ndi chiyankhulo cha kunyanja ya mchele chimene sanaphunzilepo. Majini akewo anali awili chabe. Ndinatsika pa chulu. Komabe ndinaganiza kuti zili bwino, mdalayu akamva zimenezi achita mantha, ameza.

Ndinawapeza akukonza tcheni cha njinga. Ndinawauza zonse monga ndinazimvela.

Anapukuta manja pang'onopang'ono. "Zikwi zinayi?"

"Pa kachilombo kamodzi."

"Mwana ameneyu tinamutuma kukaphunzila zachipatala kapena zaung'anga?" Kenaka nkhope yawo inawala. "Koma mwaona, NyaMoyo, zikugwilizana. Jini samwa mapilitsi. Ngati nkhani ndi ya majini, ndiye ndi ya pemphelo. Tizilombo a Sisita anapha, majini otsala tithana nawo Lamlungu."

"Belinda akuti inenso ndili nawo."

"Zimenezo ndinkazikayikila kale."

Ndinawaponyela chitsononkho, chinawaphonya.

Masiku anapita. Mapilitsi anangokhala pa windo m'timapepala tawo tasiliva. M'mawa uliwonse ndinkawaika pa kambale, m'mawa uliwonse ankandibwezela mwaulemu ngati mlendo wokhuta. Tsiku lina ndinawasinja n'kuwathila m'phala. Phala linafiila ngati katondo. A Zimba analiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Lelo mwaphika njelwa?"

Lamlungu anapempha akulu anzawo awili kuti atsale atawapemphelele. Sanawauze za zikwi zinayi, anangoti pali zina zotsalila m'chifuwa. Ine ndinati amen pamodzi nawo, chifukwa pemphelo sindikangana nalo. Koma pobwelela ndinkadzifunsa kuti ngati tizilombo tafadi, majini ake akukhala m'chiyani? Ndipo ngati ali m'kati mogwila ntchito, monga ananenela Belinda, ndiye wafa ndani? Ndinayesa kuimbilanso Belinda foni itadzala moto. Anali m'mayeso, sanayankhe. Ananditumila mawu olemba akuti asekulu apite kukiliniki msanga, ndi tinkhope tolila titatu.

Sabata yachiwili, tikuthothola mtedza pansi pa mtengo wa mango, a Zimba anatsokomola. Kamodzi, kenaka kawili motsatizana, mozama.

"Ndi fumbi," anatelo ndisanafunse.

Mwina linalidi fumbi. Inenso ndinali nditayetsemula kangapo. Koma ndinawayang'ana pakhosi pa shati, pamene mafupa anali atangoyamba kubisika, ndipo ndinaona kuti mitu yathu iwili sitithandiza.

M'mawa mwake ndinavala chitenje changa chabwino, n'kuika mapilitsi onse otsala m'thumba.

"Ulendo wa kuti?"

"Kwa a Sisita. Anandipatsa ntchito yokuonani mukumeza. Ndikukawauza kuti ntchito yatha, odwala achila okha, n'kuwabwezela katundu wawo. Ndikawauzila pa benchi pomwepo, anthu onse ali pamzele."

"Mukanditchula dzina?"

"Ndi udindo womwe."

Ndinayamba kuyenda. Ndisanafike pa mjigo ndinamva belu la njinga kumbuyo.

"Kwelani," anatelo. "Ndikufuna mukadzimvele nokha kuti mwanayo anatanthauza chiyani. Mukachite manyazi pamaso pake."

Ndinakhala pa kaliyala. Pa chitunda cha pafupi ndi sukulu tinatsika tonse n'kukankha, iwo akupuma mokweza koma akuyesa kubisa.

A Sisita Irene amaonela odwala TB m'kachipinda kakumapeto, mawindo onse ali otsegula. Atationa anamwetulila, koma nditakhuthula mapilitsi pa tebulo kumwetulila kunatha.

"Adada, awa ndi a mwezi uno. Simunamwe?"

"Ndinamvela mawu anu, mwana wanga. Munati tagona."

"Ee, ndinatelo."

A Zimba ananditembenukila. "Mwamva?"

"Ndinati tagona, ndiye musasiye kumwa," anatelo a Sisita. "Adada, mwamva kuti chiyani kodi?"

Ndinawafotokozela ine, mwachidule, za kulengeza malilo ndi za mwana woleledwa bwino. A Sisita anagwila pakamwa. Sindikudziwa ngati ankafuna kuseka kapena kulila.

"Mayo ine. Adada, ine ndinkanena tulo. Tulo teniteni."

"Nanga majini?" ndinafunsa. "Mdzukulu wathu akuti alipo zikwi zinayi. Akuti inenso ndili nawo, ochokela kwa amayi anga. Amayi anga anali munthu wa mapemphelo."

Apa a Sisita anasekadi, mpaka munthu wina wa pamzele anasuzumila pa windo. Kenaka anakoka mpando n'kukhala pafupi nafe.

"Amama, amenewo si mizimu. Ndi mawu achingelezi angofanana. Ndi malangizo amene chamoyo chilichonse chimabadwa nawo m'kati mwake. Inu muli nawo, ng'ombe ili nawo, chimanga chili nawo. Ndiwo amachititsa kuti mbewu ina iche msanga, ina ichedwe. Kachilombo ka TB nako kali ndi ake. Koma sikawagwilitsa ntchito onse nthawi imodzi. Monga inu, mumadziwa kulima, kuchapa, kusoka, koma simuchita zonse tsiku limodzi."

"Ine ndimachita."

"Chabwino, inu mumachita. Kachilombo sikatelo. Zinthu zikakhala bwino, kamatsata malangizo a kudya ndi kuswana. Mankhwala akafika, tambili timafa m'masabata oyamba, n'chifukwa chake adada anapeza bwino. Koma tina timasintha. Timaleka malangizo a kuswana, n'kutsegula ena odzitetezela. Timalimbitsa khungu lake. Timayendetsa timapampu totulutsa mankhwala kunja. Tina timangoti zii, osadya kwenikweni, osaswana. Kumeneko ndiye kugona kumene ndinkanena."

"Timadziwa bwanji kuti mankhwala abwela?" ndinafunsa. "Tili ndi makutu?"

"Tilibe. Timangomva m'thupi mwake kuti china chake chikuwonongeka."

"Ndiye timamva."

"Ee, tinganene kuti timamva."

"Koma tsiku loyamba munati toopsa ndi tosamva. Tsopano mukuti tomva ndi timene timapulumuka. Choopsa n'chiti, kumva kapena kusamva?"

"Amama, mwandisokoneza nanenso. Dikilani." Anaganiza pang'ono. "Ndi zinthu ziwili. Togona tija mankhwala amatipha ndithu, koma pang'onopang'ono, chifukwa mankhwalawa amagwila bwino kachilombo kamene kali pa ntchito. N'chifukwa chake miyezi imachuluka. Mukasiya panjila, timayambanso kuswana. Ndipo mukamamwa modukiza, pakati pa ana ake pakhoza kubadwa kamodzi kamene malangizo ake asinthilatu, mankhwala osakakhudzanso. Ana a kameneko onse amabadwa otelo. Imeneyo ndiyo TB yosamva mankhwala."

"Nanga pa galasi lanu lopimila makhololo lija simunationa bwanji?"

"Tatsala tochepa, ndipo tabisala m'kati mwa mapapo. Galasi limaona tikakhala tambili. Zina mwa zimenezi ngakhale akatswili akufufuzabe, sindingakunamizeni kuti zonse zikudziwika."

Ine ndinamvapo theka. Timapampu m'kanthu kosaoneka ndi maso tinandikanika kulowa m'mutu. Ndinkangoona mjigo wa kwathu utachepa.

A Zimba anali ataika chipewa pa bondo. Tsopano anakonza kukhosi monga amachitila asanalengeze.

"Mwana wanga, zonsezo ndamva. Koma mawu ali ndi eni ake. Kugona, ukauza munthu wamkulu, ndi mawu a pamalilo. Ine ndalengeza anthu ambili m'dela lino. Sindinganene mawu amenewa pa chinthu chamoyo."

"Pepani, adada. Koma ndifunseko. Bwanji simungonena kuti munthu wafa?"

"Wafa? Amafa ndi galu! Imafa ndi mbuzi! Munthu timati wagona chifukwa si mathelo ake. Wagona chifukwa tsiku lina adzau..."

Anaima pomwepo, pakamwa pali potsegula.

Panja mwana wina ankalila pa sikelo. A Sisita anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana a Zimba, ndipo ndinaona kuti dzanja lawo lapita lokha pachifuwa.

"Zikwi zinayi," anatelo motsitsa.

"Amenewo ndi malangizo, adada, osati tizilombo."

"Kaya."

A Sisita anaimilila n'kutenga kabotolo kapulasitiki kokhala ndi chivindikilo. "Pitani kuseli, pamphepo, mukatsokomole mozama, mulavulile umu. Tikatumiza ku boma, ku makina amene amaonetsa ngati tizilombo tikumvabe mankhwala. Zotsatila mudzamve sabata ya mawa. Pakali pano mupitiliza omwewa, ndipo masiku amene mwadumpha tidzawonjezela kumapeto."

"Zikatuluka kuti sitikumva?" ndinafunsa.

"Pali mankhwala ena. Ndi ambili, amatenga nthawi, ndipo amalemela m'thupi. Tiyeni tisafike kumeneko tisanaone. Mwadya kale lelo, adada?"

"Anandithamangitsa ndisanadye."

"Zakhala bwino. Awa amafuna m'mimba mopanda kanthu."

A Zimba anapita kuseli ndi kabotolo kawo. Tinkawamva akutsokomola, nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunila. Atabwela anapeleka kabotolo ndi manja awili. A Sisita anathyola mapilitsi m'kapepala, ine ndinatunga madzi mu ndowa ya pakhomo. Anawameza limodzilimodzi, akuyang'ana kudenga, kenaka ananditsegulila pakamwa kuti ndione, chinthu chimene sanachitepo chiyambile.

"Yewo, adada," anathokoza a Sisita.

Pobwelela sanafune kupalasa. Anati tcheni chikuvuta. Tinayenda wapansi, njinga ili pakati pathu, ine ndagwila kaliyala. Dzuwa linali litakwela. Galimoto ya ogula soya inatidutsa n'kutimwaza fumbi, a Zimba n'kutsokomolanso. Sindinafunse, iwonso sananene kuti ndi fumbi.

Titafika pa mlatho waung'ono anaima.

"NyaMoyo."

"Ee."

"Mwana uja anati mankhwala amapha bwino kachilombo kamene kali maso."

"Anatelo."

"Koma anatinso tikadzuka timaswana."

"Anatelonso."

"Ndiye ife tikufuna chiyani? Tigone kapena tidzuke? Lamlungu ndikawauze anzanga apemphelele chiti?"

Ndinaganiza. Ndinayamba kuyankha kuti tigone, n'kuona kuti togona ndito tikuchulukitsa miyezi. Ndinafuna kunena kuti tidzuke, n'kukumbukila mmene chifuwa chawo chinkalilila mvula ili mkati.

"Sindikudziwa," ndinatelo. "Auzeni apemphelele kabotolo kaja. Inu muzingomeza."

Anagwedeza mutu, osakhutila. Anayang'ana msewu wopita ku boma kanthawi, ngati kabotoloko angakaone kakupita. Kenaka anagwila zigwililo za njinga, ndipo tinayamba kukwela chitunda, iwo akupumila pakamwa.